Uthenga Umene Ndinawabisira Amayi

Masiku anayi athunthu ndinabisa uthenga wa amayi. Lero ndikuulula.

Amayi amathyola tiyi kuesiteti ndipo sadziwa kuwerenga, choncho mauthenga a pafoni yawo ndimawawerengera ndine. Mwezi wa Juni anapita kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Anabwerako akusekerera.

"Tiyamike, zinthu zasintha! Palibe wondivula. Angondipatsa kamtengo ka thonje kunsonga, ndalowa m'chipinda n'kudzitenga ndekha zokayeza, basi!"

Patatha sabata uthenga unabwera: apezeka ndi kachilombo ka HPV, abwererenso kuchipatala. Ndinkaganiza kuti amayi akufa. Komanso nkhani za kumalo obisika, ndikanaziyamba bwanji kwa mayi wondibereka? Ndinawanamiza kuti ndi otsatsa malonda.

Tsiku lachinayi ndikukatchajitsa foniyo pa Chitakale, ndinakumana ndi Mayi Joice, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwathu. Ndinangowapatsira foni, maso ali pansi.

"Iwe, Fomu 4 yonseyi ukulira maliro mwini wake akuthyola tiyi?" anaseka. "Imeneyi si khansa. Makina akuchipatala amafufuza chizindikiro cha kachilombo koyambitsa khansayo maso asanaone kanthu. Kwa ambiri kamatha kokha. Koma amayi ako akapanda kubwerera, tidziwa bwanji? Tiye kwanu. Ukanene wekha, ine ndikangokhala pambali."

Titafika kunyumba, ndinawauza amayi zonse.

"Ndiye ndinakutumiza kusukulu kuti uzindibisira makalata?" anatero amayi. Kenaka anandigwira dzanja. "Mawa undiperekeze, wamanyazi iwe."

Kuchipatala anamwino anapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kupeza kamalo koyera, kamene pakapita zaka kakanasanduka khansa. Anakatentha ndi kachipangizo tsiku lomwelo. Sizinatenge nthawi! Anawauza kuti adzabwerenso pakatha chaka. Amayi anatuluka akuyenda okha, akufunsa ngati mandasi alipo pageti. Ine ndinalumpha ngati mwana, anthu onse akuona, osachita manyazi n'komwe!

Tsopano amayi alalikira anzawo onse a pasikelo ya tiyi. Asanu akayezetsa kale, ndipo mafoni awo amabwera nawo kwa ine. Ndimawerenga mawu onse, osadumpha ngakhale amodzi.

Amayi nonse, kayezetseni musanamve kupweteka. Akakuitanani, bwererani msanga. Ndipo iwe mnzanga wowerengera makolo, manyazi asakutseke pakamwa. Manyazi anga anatsala pang'ono kundilanda amayi.