Makiyi a a Buleki

Mwana amene ndinamubereka ndekha anatambasula dzanja patebulo langa, chikhatho chili m'mwamba ngati wopempha mchere, n'kunena kuti, "Adadi, makiyi a galimoto aja bwanji ndizisunga ine?"

Ine ndinali pakona ndikusita malaya. Kunena zoona, ndinatsala pang'ono kumusita dzanjalo.

Bambo akewo, amuna anga, tauni yonse imawatchula kuti a Buleki. Anagwira ntchito yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto mpaka imvi zinachita kuti mbuu, ndipo dzinalo linachokera pa mawu amene ankakuwa tsiku lonse ali pampando wa pambali. Mpaka lero madalaivala a mabasi amawaimbira hutala akawaona. Mwanayu, wachisamba wathu, anayamba kugwira chiwongolero atakhala pamiyendo pawo, mamina ali chuchuchu. Lero wamera ndevu, wagula galimoto yakeyake, ndiye akuona ngati tsabola wakale sawawa.

Mlandu wake unali wochepa. Sabata imeneyo a Buleki anapita kukameta, n'kubwerako dzuwa litapendeka, tsitsi lili momwemo. Munthu wina wa mlomo wautali anawaona ataimika galimoto pabwalo pamene kale panali sukulu yawo yoyendetsa, pamene pano amagulitsapo matayala, ndipo m'malo mowapatsa moni anaimbira foni mwanayu. Ine ndinati msewu wa kwa ometa akuukumba, aliyense angasokere. Ndipo ndi zoona, akuukumba.

"Amayi, nanga akadzagunda mwana wa eniake?" anatero.

"Zaka zonsezi anagundapo ndani? Geti lapanjali analipinda ndi ndani, si iwe?"

Mkazi wake, mpongozi wanga, ndi munthu wa mawu ozizira amene amandipsetsa mtima kuposa wolalata. Anati, "Apongozi, tisakangane. Kuli timakina tolozera njira, amati jipiesi. Kamayankhula, kamauza munthu pokhota. Tikawagulire."

Tinapangana chonchi: tikagula, a Buleki ayendetse kuchokera kusitolo mpaka pakhomo, mwanayu akutsatira pambuyo. Akafika bwinobwino, makiyi ndi awo ndipo nkhaniyi isadzamvekenso. Akasokera, makiyi apita. Eni ake a makiyiwo anali pampando wawo, akutosatosa ulusi umene unasomphoka pa khushoni, ngati tikukamba za munthu wa nyumba ina.

Sitolo yake inali m'mwamba mwa nyumba yosanja, yozizira ngati mufiriji, khoma lonse ma TV okhaokha akuonetsa nkhope imodzi. Anatilandira bambo wina wa tayi, wonunkhira perefyumu wokwanira anthu atatu. Atamva chimene tabwerera, anatembenukira kwa mwana wanga.

"Madalawa maso amaona bwino? Nanga makutu?"

"Afunseni, ali ndi pakamwa," ndinatero.

Anaseka, n'kupitiriza kuyankhula ndi mwanayo. A Buleki anali ataima pomwepo, atavala jekete yawo yabwino, koma wa tayiyo ankawakamba ngati sofa imene tabwera kudzaigulira nsalu. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti mwana wanga ankayankha.

Anatulutsa timakina tiwiri n'kutiika pagalasi. Koyamba kanali kakakulu ngati chikhatho, komata pagalasi la kutsogolo kwa galimoto, ka zilembo zikuluzikulu, kolumikiza poyatsira fodya paja. Kachiwiri kanali kachikasu, kokutidwa ndi labala, ka anthu okwera mapiri ndi ogona m'tchire.

"Aka ngakhale kagwe m'madzi sikafa," anatero wa tayi. "Batire lake limakhalitsa, ndipo kamagwira ngakhale kopanda netiweki ya foni. Koma ubwino wake weniweni ndi uwu: kali ndi chingwe, munthu amakavala m'khosi, ndipo inu muli ku ofesi mumaona pa foni yanu pamene madala ali."

Maso a mpongozi wanga anawala. "Kameneka ndiye kabwino. Ngakhale atapita wapansi, tizidziwa."

Magazi anandithamangira kumutu. "Amuna anga mukufuna kuwamangirira belu m'khosi ngati mbuzi yolowa m'minda ya anthu? Akwera phiri liti? Inu mukamapita kumene mumapita, amakulondani ndani?"

"Amayi, anthu akutiyang'ana," mwanayu ananong'ona.

"Atiyang'ane. Aone mwana amene akusankhira bambo ake chingwe."

Ngakhale wa tayi uja anayamba kupukuta galasi loyera kale. Pamenepo a Buleki anasendera pafupi, n'kunyamula kamakina ka m'galimoto kaja, kukatembenuza uku ndi uku monga ankachitira ndi laisensi ya munthu amene akumukayikira.

"Achimwene," anatero, "munthu akaphonya pokhota, kameneka kamakalipa?"

Aka kanali koyamba kuti wa tayi uja awayang'ane kumaso. "Ayi, bambo. Kamangofuna njira ina n'kukuuzaninso. Ngakhale muphonye kangati, sikatopa."

"Ndiye kandiposa ine," anatero a Buleki, n'kuseka. "Tikulungireni kameneka."

Ndinamuyang'ana mpongozi wanga kuti aone bwino. Munthu wosokonekera mutu angafunse funso lotero?

Wa tayi anatsika nafe, anakamata pagalasi, mwana wanga n'kumuuza nambala ya nyumba ndi msewu wathu. Tisananyamuke, mwanayo anawerama pawindo la mbali yanga.

"Amayi, inu pakamwa potseka. Lero pasakhale za nyumba yobiriwira."

Anandilasa pamenepo, chifukwa sindinkadziwa kuti anazindikira. Ine m'galimoto ndimacheza. Tikamayandikira pokhota ndimati, "Taonani nyumba yobiriwira ija aipentanso," a Buleki n'kukhotera komweko. Pena ndimati tidzere pa famase, pena ndimadandaula za dzenje la pafupi ndi tchalitchi. Ndi macheza a m'banja amenewo. Kodi mkazi azikhala m'galimoto ya mwamuna wake ngati thumba la simenti?

"Ndamva, bwana," ndinatero, n'kukweza galasi asanachotse mphuno.

A Buleki anamanga lamba, anakonza kalilole, anayatsa indiketa ngakhale kumbuyo kunali mwana wawo yekha. Kamakina kaja kanayamba kuyankhula ndi mawu a mzimayi, osalala ngati a nesi wa chipatala cholipira. Kakati khoterani kumanzere, iwo ankakhotera kumanzere. Kakati pitirirani, ankapitirira. Ine zaka zonsezi ndikangoti khotani ankandifunsa kuti akuyendetsa ndani, koma mzimayi wa m'kabokosi ankamumvera ngati mwana wa sukulu. Nsanje inandigwira, sindibisa.

Koma kayendetsedwe kake, abale! Manja onse pachiwongolero, magiya akulowa osamveka. Titafika powolokera anthu, a Buleki anaima, mayi wina wa ambulera n'kuwoloka mosathamanga. Pa raundabauti anadikira mpata wawo, wa minibasi wina akuwaimbira hutala, iwo osatekeseka. Titafika pa nyumba yobiriwira ija ndinaluma lilime mpaka kumva kuwawa. Kamakina kanayankhula, iwo anakhota. Ndinasuzumira pakalilole wa pambali n'kuona galimoto ya mwana wanga ikutsatira mwaulemu, ndipo ndinayamba kusanja mawu oti ndikamuuze pakhomo. Ena ndinasungira mpongozi.

Tinalowa mumsewu wathu. Tinadutsa pa famase, tinazemba dzenje la pa tchalitchi, ndipo kamakina kanati, "Mwafika."

A Buleki anaima mwaukatswiri pafupi ndi geti, n'kukoka handibuleki. Ndinamasula lamba, mtima uli mbee. Koma iwo sanazimitse injini. Anayang'ana geti limene analipenta okha, mtengo wa mapeyala umene anadzala okha, makatani a pabalaza amene ndinasoka ine iwo atandigwirira nsalu. Kenako anatembenukira kwa ine n'kutsitsa mawu, mwaulemu wawo uja wa pakhomo pa anthu.

"Mayi, koma eni ake tiwapeza? Bwenzi titayamba taimba foni."

Ndinafuna kukazula kamakina kaja n'kukaponya mumsewu, chifukwa kanagwira ntchito yake yonse bwinobwino koma osathandiza kanthu. Ndinakwiyira wa tayi, ndinakwiyira mpongozi, ndinakwiyira ndi msewu wa kwa ometa umene ndinkaunamizira. Koma woti ndimukalipire panalibe.

"Ndi kwathu kuno, bambo," ndinatero.

Anayang'ananso geti lija nthawi yaitali. Ndinaona nkhope yawo ikubwerera pang'onopang'ono, kenako manyazi akulowa. Sananene kuti amaseka, ngakhale ndinkafunitsitsa atatero, ndipo ndikanawavomereza. Anazimitsa injini n'kuzula makiyi.

Mwana wathu anali atatsika kale m'galimoto yake, akubwera akuwomba m'manja. Anamenya denga la galimoto yathu ndi chikhatho, akuseka ngati mmene ankasekera ali wamng'ono.

"Adadi, ndagonja! Ngakhale ine pa raundabauti paja sindikanatha choncho. Makiyi ndi anu. Amayi, ndikhululukireni."

Ndiye kuti tinapambana. Sanamve kanthu, magalasi anali otseka. Ndikanangotsika, n'kumuuza mawu anga onse aja, nkhani n'kuthera pomwepo. A Buleki anandigwira dzanja, anaika makiyi m'chikhatho changa, n'kupinda zala zanga chimodzichimodzi.

"Munthu wosadziwa kumene akupita sindinkamulola kugwira chiwongolero," anatero chapansipansi. "Mupatseni ndinu. Ine sinditha."

Ndinatsitsa galasi. Mwanayo anali akumwetulirabe.

"Ukuwombera m'manja chiyani? Bweretsa dzanja lako lija."

Analitambasula mosamvetsa. Ndinaikamo makiyi. Anawayang'ana, anayang'ana bambo ake, kumwetulira kuja n'kuzima. Anatsegula pakamwa.

"Usayerekeze kunena kanthu," ndinatero. "Lowetsa galimoto ya bambo ako, ndipo usagundenso geti."

Ndinatsika, ndinazungulira mbali yawo n'kuwatsegulira chitseko. Anatuluka, anakonza jekete, n'kuima mumsewu osadziwa kolowera phazi. Ndinakoloweka mkono wanga mu wawo.

"Taonani pamene anapinda mwana wanu paja," ndinatero, "mpaka lero sipanawongoke."

A Buleki anakhotera komweko, ndipo tinalowa.