Mamita Khumi pa Chaka

Achimwene anga anali makaniko. Ankakonza mathirakitala a anthu ofufuza zanyengo kumunsi kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene kulibe mtengo ngakhale dothi, koma ayezi yekhayekha wokhuthala makilomita atatu. Amayi ankawaseka kuti munthu wothawa madzi ozizira posamba wakasaka chiyani kumeneko.

Tsiku lina ayezi anang'ambika pansi pa thirakitala imene achimwene ankayesa, n'kuwameza. Mng'aluwo unali wakuya moti zingwe zonse zinaperewera. Tinalira maliro opanda mtembo, ndipo zimenezi zinawadya amayi kuposa imfayo. Iwo ankangofuna kuika mwana wawo m'manda, basi.

Kenako wailesi inayamba kunena kuti dziko likutentha, ayezi akusungunuka. Aliyense ankadandaula, koma amayi ankakweza wailesiyo.

"Asungunuke msanga," ankatero. "Akatha, mwana wanga aonekera poyera."

Anachapa suti ya achimwene, n'kuisita, n'kuikoleka kuseri kwa chitseko. Ine ndimaphunzitsa jogalafe. Zoona zake ndinkazidziwa, koma pakamwa pankandilemera, ndiye mkwiyo wanga unkathera pa wailesi yosalakwayo.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, kunabwera dalaivala amene ankagwira ntchito ndi achimwene, atanyamula chikwama chawo. Anakhala pabalaza, chipewa chili pabondo. Zala ziwiri analibe, akuti kuzizira kunadya. Amayi chikwamacho sanachiyang'ane n'komwe.

"Mwana wanga, akuti ayezi wanu uja akusungunuka. Mumutulutsa liti mnzanu?"

Ndinamutsinzinira diso, koma munthuyo anali wa m'gulu la osatha kunama.

"Amasungunuka m'mphepete, mayi, kufupi ndi nyanja. Pakati pomwe ali iwo sipasungunuka. Chaka chilichonse pamawonjezereka wina pamwamba."

Ndinalakalaka nditamuthira tiyi kumaso. Iye anaona kuti waponda pabala, ndiye anayamba kulankhula mothamanga.

"Komatu ayeziyo sakhala malo amodzi, mayi. Amayenda. Timazika ndodo, chaka chikatha timaipeza itasuntha mamita khumi."

"Amayenda ndi zonse zimene zili m'kati?"

"Ndi zonse."

"Kulowera kuti?"

Dalaivalayo anatembenuza chipewa chake kawiri. "Kumene kuja ndi kumunsi kothera. Kulikonse kumene mungayang'ane ndi kumpoto. Njira iliyonse imalowera kuno."

Sananame. Inenso ndimaphunzitsa zomwezo m'kalasi. Chimene sananene n'chakuti ulendowo ndi wa zaka masauzande ambirimbiri, ndipo umakathera pansi pa nyanja.

"Mamita khumi," anatero amayi. "Kuchokera pano mpaka pati?"

"Mpaka pageti," ndinayankha ine.

Amayi anadzuka, n'kutuluka osavala nsapato. Tinawaona pawindo akuyenda pang'onopang'ono ndi mawondo awo otupawo, kuchoka pakhomo mpaka pageti. Anaima, n'kuyang'ana msewu mmene unatalikira. Pobwera nkhope yawo inali itakalamba, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinamve ngakhale pa tsiku la uthenga lija.

Anakhala pansi, n'kundigwira padzanja.

"Akubwera, koma ine sandipeza," anatero. "Iwe ndiwe wamng'ono. Udzamulandire, udzamuike pafupi ndi ine. Wamva?"

Dalaivala anaweramitsa mutu. Ine, mphunzitsi wa jogalafe, ndinavomera.

"Ndamva, amayi. Ndidzawalandira."