Chimbale cha mu 1958

Madzi osefukira ataphwa mu New Orleans, tinabwerera kunyumba n'kupeza zimbale za amayi zili m'matope. Amayi anga, Eulalie Marchand, anaimba jazi zaka makumi anayi, ndipo mzinda wonse unkawadziwa. Koma pa zimbale zonsezo ankafuna chimodzi chokha, choyamba chija cha mu 1958.

Ndinachitsuka ndi madzi a sopo n'kuchiyanika pamthunzi.

"Iwe Celestine, usachikweche ngati poto wa nyemba!" anakalipa.

"Amayi, nyimbo zimenezi zili m'sitolo iliyonse."

"Wakuuza ndani kuti ndikufuna kudzimvera ndekha? Mawu anga ndinatopa nawo kalekale."

Tinabwereka galamafoni kwa aneba. Singano itatera, kunangomveka kuthetheka. Kenako, nyimbo isanayambe, mwamuna wina anawerenga chapansipansi: "Wani, thu, tiye nazo, Lali."

Anali malemu bambo anga, amene ankawaimbira ng'oma amayi ndipo ankawatchula kuti Lali. Ojambula anaiwala kudula mawuwo pa chimbale choyambacho, koma pa zotuluka pambuyo pake anawachotsa.

Amayi anausa moyo n'kukhala pansi.

"Alipo," anatero. "Bwezera singanoyo poyambira, Laliyu asanayambe phokoso lake."