Epuloni Yamtovu

Catherine anafika pakhomo la chipinda chojambulira za m'thupi pachipatala, mwana ali kumsana, apongozi ake, aNachisale, akumutsata ndi kabuku ka kuchipatala m'manja. Kizito, wa chaka ndi miyezi iwiri, anali atatsokomola milungu itatu, ndipo adokotala anati sapereka mankhwala ena asanaone mapapo ake. Ulendo wonse wochokera ku Nsaru aNachisale pakamwa sipanapume: mwanayu mumamuyendetsa pamphepo, phala mumamupatsa lamadzimadzi.

Wojambula, a Lloyd, anali bambo wosapupuluma. Anatsitsa pamsomali epuloni yobiriwira, yolemera ndi mtovu.

"Mwana sangakhale phee yekha, pafunika womugwira," anatero. "Womugwirayo avala iyi, imatchinga cheza cha makinawa. Koma lamulo limati ndiyambe ndafunsa. Mayi, kodi muli ndi pakati, kapena mukukayikira?"

"Ayi," Catherine anayankha msanga, maso ali pansi.

Linali bodza. Inali itakwana miyezi iwiri, ndipo ankadziwa ndi mwamuna wake yekha. Kwawoko kutenga mimba mwana akadayamwa amati kutumbiza, ndipo mwanayo akangodwala palibe amafunsa za mapapo, mlandu umangogwera mayi. ANachisale akanangomva, chifuwa cha Kizito chikanapeza mwini wake pomwepo, mawa lake nkhani ili pamjigo.

A Lloyd anamuyang'ana kanthawi. Ayi wothamanga chonchi sanali woyamba kumumva.

"Sikuti ndikufuna kukuchititsani manyazi," anatero. "Mwana wam'mimba sitimulowetsa muno popanda chifukwa, kaya pali epuloni kaya palibe. Miyezi yoyambirirayi ndiye yoopsa. Agogo, bwanji mugwire ndinu?"

"Ine? Makina oumitsa magaziwa? Pepani bambo," aNachisale anabwerera m'mbuyo. "Mayi wake ali pompano ndipo wayankha kale. Mukufuna ayankhe kangati?"

"Saumitsa magazi, agogo."

"Nanga inuyo mumathawiranji kuseri kwa khoma mukamawayatsa?"

"Ine ndimakhala nawo tsiku lililonse. Inu n'kamodzi kokha."

Koma aNachisale anali atapinda kale manja. Panja anthu anali atadzaza benchi, wina akubuula ndi mwendo wothyoka. A Lloyd sakanachitira mwina. Anamuveka Catherine epuloni ija, n'kumupatsa pepala ndi cholembera.

"Sayinani apa, kutsimikiza kuti mulibe pakati."

Epuloniyo inalemera ngati thumba la fetereza, ndipo inamufinya pamimba penipeni. Catherine ankawaopa apongozi ake, zoona, ankawaopa kwambiri. Ankadziwa mawu amene amudikira, ndi momwe azimayi akamuyang'anire Lamulungu kutchalitchi. Koma amenewo anali mawu chabe. Wam'mimbayu, amene anali asanayambe n'komwe kugunda, analibe womuyankhira wina.

Catherine anabweza cholembera chija.

"Mimba ndili nayo," anatero. "Miyezi iwiri."

Kizito anatsokomola. ANachisale anayang'ana mwanayo, kenaka mpongozi wawo.

"Eti," anatero chapansipansi. "Ndiye mumati muime pamakinawa ndi wam'mimbayo?"

Kenaka anatembenukira kwa a Lloyd.

"Muvuleni chinthucho, bambo. Zokamba zilipo, tikakamba kunyumba, asaganize kuti zathera pano. Bweretsani mwanayo."

Atawaveka aNachisale, epuloni ija inawafika m'miyendo, mapewa n'kugwa. Anachita chizindikiro cha mtanda kawiri, n'kumulandira Kizito.

"Ngati n'kuuma, aume magazi angawa," anatero. "Ndi akale."

A Lloyd anamutulutsa Catherine n'kutseka chitseko. Pamwamba pake panayaka getsi lofiira. Mkatimo Kizito analira, ndipo pansi pa kulirako pankamveka mawu a aNachisale, onjenjemera ndi mantha, akumutonthoza mwanayo kuti asaope. Anthu anamusunthira Catherine malo pabenchi. Anakhala pakati pawo, manja onse awiri ali pamimba, osawabisanso m'chitenje.