Zingwe za Abambo

Amayi anagunda tebulo ndi bondo, kapu n'kugwa pansi n'kusweka. Anaima chilili pakati pa balaza, dzanja lili m'malere kufunafuna chinthu chomwe panalibe.

"Chingwe changa chili kuti?"

Mwana wawo wamkazi, mzime wa m'nyumbamo, anasiya tsache n'kuwagwira pamkono. Anangoyang'ana achimwene ake, omwe ankasanja pakhonde mipando yobwereka ya pamaliro a bambo awo.

Amayi anachita khungu kalekale. Bambo atapuma usilikali wa pamadzi, anamanga zingwe nyumba yonse, kuchokera pabedi kukafika kubafa, kukhitchini ndi pakhonde. Mfundo zake zinali zosiyanasiyana. Ina inkanena kuti pano pali khomo, ina kuti samala ndi sitepe, ina kuti moto uli pafupi. Ankakonda kunena kuti pa sitima yankhondo namondwe akabuka, munthu sadalira maso, amagwira chingwe. Ndipo amayi ankayendadi m'nyumbamo ngati munthu wopenya, kuphika ndi kuchapa okha.

Ndiye tsiku la maliro anthu ankakodwa m'zingwezo, bokosi likukanika kulowa. Achimwene anatenga mpeni n'kuzidula zonse. Sanali munthu woipa, koma phuma ndiye lawo chibadwire. Zina anthu anamangira tenti, zina zinapita kumanda ndipo sizinabwererenso.

"Amayi sangakhale pano okha," anatero achimwene polowa. "Ndikuwatenga."

"Kunyumba kwanu kwam'mwamba kuja? Alamu amaweruka madzulo, inunso chimodzimodzi. Azikangokhala pabedi tsiku lonse ngati katundu?"

"Nanga kwako, chipinda chimodzi chija?"

"Ine pano sindichoka," anatero amayi chapansipansi.

"Tigule zingwe zina, achimwene."

"Mfundozo ukuzidziwa iwe? Ine ayi." Analoza chithunzi cha pakhoma, bambo ali mu yunifomu yoyera mbee, chipewa atachikwapatira. "Bambo amene anatilera ndi ameneyo, wa m'galasiyo. Nthawi yoti atiphunzitse anali pamadzi. Akabwera patchuthi, ntchito kutidzutsa ndi wenzulo n'kumayendera mabedi athu. Ndinkawaopa, mlongo wanga. Sindinakhalepo nawo pansi n'kugwira chingwe limodzi."

Atatero anatuluka.

Mzimeyo sanagonje. Anagula chingwe cha nayiloni choyanikira zovala, nakhoma misomali m'mabowo akale. Kenako anakhala pansi ndi amayi kuti amulongosolere mfundozo. Zala za amayi zinkadziwa kuziwerenga, koma osati kuzimanga.

"Ya pasitepe inali yonenepa, yokhala ngati ili ndi khutu."

Iye anamanga mfundo imene amamangira thumba la chimanga, n'kuibwereza kuti inenepe. Amayi anayamba kuyenda, nkhope itawala pang'ono. Anadutsa pabalaza bwinobwino. Koma nayiloni ndi yoterera, ndipo mfundo ya pasitepe inali itasuntha. Amayi anaponda m'malere n'kugwa chafufumimba pakhonde, chipumi n'kung'ambika.

Achimwene sananene kuti ndinakuuza. Anangowanyamula n'kuwapukuta magazi ndi malaya awo, misozi ili chuchuchu. Nkhani inathera pomwepo. Mzimeyo anazula misomali yake yekha, mtima ukumuwawa ngati waika maliro kachiwiri.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, katundu ali kale m'galimoto, mzimeyo anawapeza amayi kuchipinda atakhala pabedi lopanda zofunda. M'manja anali atagwira kachingwe kopyapyala kotulukira pawindo. Kameneka mpeni sunakaone, chifukwa kanali kuseri kwa katani.

"Aka kakupita kuti, amayi?"

"Kwa abambo ako. Akakhala panja ankakamanga padzanja. Ankati zaka zonse zija ndinkaitana popanda wondimva, ndiye zisadzachitikenso."

Mwanayo anatuluka n'kukatsatira kachingweko. Kanadutsa m'mbali mwa khoma mpaka pansi pa mtengo, pomwe panali mpando wa bambo. Kumapeto kwake kunali kagoba kokwana mkono wa munthu, kakuda bii ndi thukuta, kosalala chifukwa chovalidwa tsiku ndi tsiku. Mzere woyera umene ankauona padzanja la bambo, iye ankayesa ndi wa wotchi.

Ali chiimire, kachingweko kanagwedezeka. Amayi ankakoka.

Analowetsa dzanja m'kagobako. Kanali kakakulu, kankamuvuka. Anakoka pang'ono kuti awayankhe.

"Siya, mwana wanga," anatero amayi pawindo, mosakwiya. "Abambo ako sankakoka. Ankabwera."

Amayi anadikirabe kanthawi, nkhope italoza kukhomo la chipinda. Kunja achimwene analiza galimoto. Amayi anakulunga kachingweko pa chala, n'kukamasulanso, n'kukaika bwinobwino pawindo. Kenako anatambasula dzanja kuti wina awatsogolere.