Jekete la Nthenga za Bakha

Hang'ala yachitsulo yopachikira zovala inali itapindika kale pamene Mayi Nhan, a chipinda chapamwamba, anakankha chitseko n'kulowa. Anapeza Diem atadzipanikiza pakati pa firiji ndi khoma, manja ali kumutu, mwamuna wake Khoat akumukwapulabe pamsana, pamapewa, pazala. Amayi ake a Khoat, Mayi Tuat, anali pampando akusenda adyo. Sanadzuke. Anangouza mwana wawo kuti achepetse phokoso chifukwa anthu a m'nyumba yosanjayo ndi amiseche.

Mlandu wonse unali patebulo: jekete lakuda la nthenga za bakha, lonyowa, lofwapa ngati thumba lopanda kanthu.

Khoat ankanyamula anthu pa njinga yamoto mumzinda wa Hanoi, ndipo m'miyezi yozizira jeketelo ndilo linkamutchinga ku mphepo. Diem anakulira kummwera, ku Can Tho, kumene munthu amabadwa mpaka kukalamba osavalapo juzi. Pabanjapo anali atangotha miyezi isanu. Kutatsala sabata kuti Tet, chikondwerero cha chaka chatsopano, ifike, apongozi anamulamula kuchapa chilichonse kuti litsiro la chaka chakale lisalowe m'chaka chatsopano. Iye anachapadi chilichonse. Jekete analiviika m'madzi otentha a sopo waufa, kulitikita, kulifinya mopotokola ngati thaulo, n'kuliyanika pakhonde. Poona kuti silikuuma, anatsegula mawindo onse kuti mphepo idutse monga amachitira kwawo. Koma inali nyengo ija makoma amatuluka thukuta, galasi limachita nkhungu, pansi pamaterera ngati pathiridwa mafuta. Chimene chinalowa pawindo ndi chinyezi chokhachokha. Patatha masiku atatu nthenga zinali zitaundana timibulu tolimba m'makona mwa nsalu, fungo lake ngati la bakha wofera m'ngalande.

Mayi Nhan anali aafupi, a zaka makumi asanu, koma anagwira hang'alayo m'mwamba isanatsike n'kuipotola mpaka Khoat anaisiya.

"Wapha ndani mtsikanayu?"

Khoat anawaloza jeketelo. Anati tsiku lonse wayenda ndi malaya awiri okha, zala zachita dzanzi pa chiwongolero, pomwe mkazi wangokhala pakhomo kuwononga zinthu.

"Safunsa anadya phula," anatero Mayi Tuat, maso ali pa adyo.

Diem anadzutsa mutu. Chikope chinali chitang'ambika, magazi akutsikira pakhosi. "Amayi, ndikulifinya munali pampando womwewo. Munandiyang'ana mpaka ndinamaliza."

Apongoziwo anati mpongozi woyankha akuluakulu sanamuonepo, ndipo kwawo kummwerako ana amaleredwa ngati nkhuku. Khoat anasendera kuti amuponde ndi nsapato, koma Mayi Nhan anaima pakati. Anamuuza kuti iwo asoka majekete oterewa kufakitale kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo sanaonepo jekete lofa ndi madzi. Akazi ofa ndi amuna awo ndiye anawaonapo awiri. Ananyamula jeketelo ndi dzanja limodzi, Diem ndi linalo, n'kukwera nazo masitepe.

Kumwambako Mayi Nhan anayamba ndi munthu. Anamutsuka bala, n'kumanga chala chapakati chimene chinatupa ngati nthochi. Kenako anatseka mawindo onse n'kutsekera nsanza pansi pa chitseko. Jekete analichapanso m'madzi ozizira ndi sopo wa tsitsi pang'ono, mongolikanikiza ndi zikhatho. Analigoneka pakati pa mataulo awiri kuti amwe madzi, analiyala pa chiguduli cha waya, fani ikuliwomba, makina oumitsira tsitsi akulidutsa chapatali kuti nsalu isasungunuke. Pakapita kanthawi ankafufuza timibulu tija ndi zala n'kutimasula kamodzikamodzi.

"Zimenezi kwanu akanakuphunzitsa ndani?" anatero. "Ine ukandiika m'bwato kwanuko ndingazungulire pamodzimodzi mpaka dzuwa kulowa."

Diem anaseka, kusekako kunamupweteka m'nthiti.

Tsiku lachiwiri, jekete litayamba kupepuka, Mayi Nhan anatulutsa ndodo yansungwi yopyapyala. Anamuonetsa kamenyedwe kake: dzanja lomasuka, mzere ndi mzere, kuyambira m'khosi mpaka m'munsi, kulitembenuza, kuyambiranso. Nthenga zimafuna kumenyedwa kuti zidzuke. Diem anayamba mwamantha. Patapita mphindi zochepa anali akumenya mano atalumana, thukuta likudontha, mpaka a chipinda choyandikana anagogoda khoma. Mayi Nhan sanamuletse. Anangomuuza kuti asamale zipi.

Masiku onsewo Diem ankatsikabe kukaphika ndi kukolopa. Khoat sankamuyankhula. Apongozi ankamukumbutsa kuti banja ndi kupirira, kuti iwonso anamenyedwapo ndi malemu amuna awo koma onani, ali moyo, mano onse alimo kupatula atatu. Anamuuzanso kuti alendo akadzabwera adzanene kuti anaterereka m'bafa.

M'mawa wa tsiku loyamba la Tet, nyumba ili mbee, maluwa a pichesi ali m'mtsuko, zofukiza zikuyaka pa guwa la makolo, Diem anatsika ndi jeketelo. Linali litafufuma kuposa mmene linalili pogulidwa, lopanda fungo, lofewa ngati mtsamiro. Ndodo ija inali idakali m'khwapa mwake chifukwa analimenya komaliza pamasitepe.

Khoat analivala, anakoka zipi mpaka m'khosi, n'kuima pagalasi. Anazungulira uku ndi uku. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Mwaona amayi?" anatero akuseka. "Dzanja langa ndi sukulu. Ndikanapanda kummenya bwenzi pano akuchapabe ngati kwawo."

Mayi Tuat anagwedeza mutu kuvomereza.

Diem anaika bwinobwino mbale ya zipatso imene anali atangonyamula. "Taimani choncho bambo. Kumsanaku nthenga zina sizinadzuke."

Ndodo yoyamba inagwera pamsana, phuu, ndipo Khoat anaseka chifukwa jekete linameza ululu wonse. Yachiwiri inagwera pa khutu. Yachitatu pa zala zimene anakweza kuti adziteteze, ndipo panamveka kulira kwa fupa. Anatembenuka kuti amugwire pakhosi, koma sokosi zinaterera pa matailosi onyowa, anagwa chagada mutu n'kumenya mwendo wa tebulo. Diem sanasiye. Anamenya mzere ndi mzere monga anaphunzirira, mapewa, nthiti, ntchafu, kwinaku apongozi akukoka malaya ake n'kumalira kuti lero ndi Tet, lero sitikangana, atibweretsera tsoka la chaka chonse. Nsungwi inang'aluka, mbali yake yakuthwa inakola nsalu n'kuing'amba kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Nthenga zinatuluka ngati utsi. Zinamata pa makoma onyowa, pa galasi, pa nkhuku yowiritsa ya pa guwa, pa magazi a pankhope ya Khoat.

Diem anaponya ndodo pansi. Analowa kuchipinda, anatenga chitupa chake ndi chikwama chimene anabwera nacho, n'kutuluka. Palibe anamugwira.

Mayi Nhan anali ataima pamasitepe, atamva zonse. Anamufunsa ngati akudziwa kuti akatsika pamenepo kubwerera kulibe, ndipo anthu adzanena kuti wolakwa ndi iye.

"Ankanena kale," anayankha Diem.

Mayiwo analowa m'nyumba mwawo, anatuluka ndi makiyi a njinga yawo yamoto ndi zipewa ziwiri zoteteza mutu, n'kumuperekeza kusiteshoni ya sitima yopita kummwera. Misewu inali pululu. Panjira Mayi Nhan anamuuza kuti chala chija akachionetse kuchipatala akafika kwawo.

Kunyumba kuja Mayi Tuat anatenga tsache, anaima nalo pakati pa chipinda, kenako analibwezera pakona. Pa Tet sasesa mpaka masiku atatu adutse, kuopa kusesera mwayi panja. Choncho abale onse obwera kudzafunira banjalo mafuno abwino ankavula nsapato pakhomo n'kuponda nthenga. Ankayang'ana makoma, ankayang'ana Khoat ali pampando dzanja lili m'bandeji, kenako aliyense ankafunsa funso lomwelo, loti mkazi wa pakhomopo ali kuti. Mayi Tuat ankati wapita kukaona makolo ake. Alendowo ankavomera mwaulemu, n'kumachotsa nthenga m'makapu awo a tiyi.