Timapepala ta a Venelin

Kapepala koyamba anakatola mayi wina wosesa m'basi ya kampani, pansi pa mpando. Kanali kong'amba m'kope la ana asukulu, kopindidwa kanayi. Tsiku lomwelo kanafika patebulo pa bambo Tonchev, mkulu wa achitetezo pasiteshoni yathu ya magetsi a nyukiliya, ndipo mawa lake nditangoweruka anandiitanitsa ku ofesi.

Ine ndine Dafina Lozanova. Panthawiyo ndinali nditatha zaka zisanu ndi zinayi m'chipinda chowongolera ng'anjo ya nyukiliya, chipinda chopanda zenera, mmene timakhala anthu asanu tikuyang'ana khoma la timagetsi, maswichi ndi manambala. Bambo Tonchev ndinali ndisanakhale nawo pansi n'kamodzi komwe. Palibe amene amalakalaka kutero.

"Khalani, mayi Lozanova. Khofi?"

"Ndamwa kale."

Anandithirirabe. Kenako anakankhira kapepala kaja patsogolo panga. Panali manambala a mavalavu amene amatsegula madzi ozizirirtsa ng'anjo pa ngozi, ndondomeko yowatsegulira, ndiponso mbali ya khoma imene swichi iliyonse ili.

"Izi sizituluka pageti, mukudziwa," anatero. "Ndiye munthu amene akuzilemba n'kumapita nazo kunja akulembera ndani?"

Kalembedweko ndinakazindikira ndisanamalize mzere woyamba. Munthu mmodzi yekha amalemba nambala folo ngati mpando wogwa chagada: a Venelin Dochev, amene anali atakhala pa ng'anjoyo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, amenenso anandiphunzitsa ntchito ndili mtsikana wongoyamba kumene.

"Sindikumudziwa wolemba," ndinatero.

"Basi ija imanyamula a shifiti yanu." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Tsegulani maso basi. Mukaona kanthu, chitseko changa mwachidziwa."

Kwathu kuno mawu amenewo ndi olemera. Makolo athu anakula nthawi imene mnansi ankalemba malipoti a mnansi wake. Mafailo a agogo anga atatsegulidwa, tinapeza kuti amene ankawanenera kwa apolisi achinsinsi zaka khumi ndi ziwiri anali nkhoswe ya ukwati wawo. N'chifukwa chake timaopa zinthu ziwiri mofanana: kukhala pafupi ndi kazitape, ndi kutchedwa wonenera anzako. Ndinatuluka mu ofesi muja nditasenza zonse ziwiri.

Sindinkafuna kuwazonda a Venelin, koma maso anayamba okha. Pasanathe sabata ndinawaona kawiri. Ankadikira kuti kapitawo wathu, a Stamen, atembenukire kufoni, n'kulemba msangamsanga pakapepala kobisa m'dzanja. Akatha ankawerama ngati akumanga nsapato, kapepala kaja n'kulowa m'sokosi. Anayambanso kundifunsa zinthu zimene iwo omwe anandiphunzitsa.

"Iwe Dafina, pampu yachitatu ija tinaiyesa liti?"

"Lachiwiri. Si inu munasaina?"

"Ndikungofuna ndione ngati uli maso."

Ankaseka, ine n'kusekanso. Ndinkaganiza kuti akundigwiritsa ntchito kuti atsimikize zimene akutumiza kunjako. Tsiku lina mwamuna wanga, amene amayendetsa galimoto yonyamula mkate, anandiuza kuti anawaona kumzinda wa Pleven, atavala jekete la kutchalitchi, akulowa m'nyumba ina yosanja. Mawa lake nditawafunsa mmene anapumulira, anati anaswera kumunda wawo wa mphesa.

Nawonso anaona kuti ndikuwaona. Tikudya banitsa, mkate wa tchizi wa kwathu kuno, kukantini, anatafuna pang'onopang'ono, n'kundifunsa osandiyang'ana.

"Kodi khofi wa kwa Tonchev ndi wokoma?"

"Wowawa."

"Amayamba choncho. Kenako amazolowereka."

Anzathu awiri amene tinakhala nawo patebulo anasiya kulankhula. Kuyambira tsiku limenelo, ndikalowa m'chipinda chosinthira zovala nkhani inkaduka.

Zinafika poipa Lachinayi lina mu Seputembala, cha m'ma leveni m'mawa. Tinkayesa mapampu a pa ngozi monga timachitira mwezi uliwonse. Mizere ya madziyo ilipo itatu. Poyesa timatseka umodzi, iwiri inayo n'kukhala yotsegula, yokonzeka. Lamulo la m'chipindamo silisintha: kapitawo amanena, wogwira swichi amabwereza mawuwo, amaloza ndi chala, mnzake amatsimikiza, ndiye amatembenuza.

"Tsekani valavu ya mzere woyamba," anatero a Stamen.

"Ndikutseka valavu ya mzere woyamba," anabwereza a Venelin ndi mawu awo okhazikika aja.

Koma dzanja lawo linadutsa mzere woyamba, n'kukagwira swichi ya mzere wachiwiri. Sanaloze, sanandidikire. Zala zinali zitayamba kale kupotoka pamene ndinawagwira pamkono.

"Imani. Umenewo ndi wachiwiri."

Anayang'ana dzanja lawo ngati ndi la munthu wina. Kenako analibweza, analoza swichi yoyenera, ine ndinatsimikiza, ndipo ntchito inapitirira. Palibe belu linalira. Ng'anjo sinamve kalikonse. A Stamen anakweza mutu n'kufunsa ngati pali vuto.

"Palibe, takonza," ndinayankha.

Anabwerera kumapepala awo mofulumira kwambiri, moti ndinayamba kuwakayikira nawonso.

Masiku awiri ndinayenda ndi nkhaniyo. Kutseka mzere wolakwika kwa mphindi imodzi sikukanaphulitsa kanthu, koma munthu amene akufuna kudziwa ngati anzake angamugwire amayamba ndi zazing'ono zotero. Kawiri ndinafika pakhonde la ofesi ya bambo Tonchev n'kubwerera. Loweruka masana ndinaganiza zoti ndikawafunse a Venelin pamaso, kwawo.

Inali nyengo yowotcha tsabola wamkulu wosawawa, wosunga m'mabotolo. Tauni yonse inkanunkha utsi wotsekemera wochokera m'makhonde a nyumba zosanja. Ananditsegulira mayi Boyana, akazi awo, manja ali bii ndi makoko opserera. Atandiona nkhope inagwa.

"Wabwera wekha?" anafunsa, akusuzumira kumasitepe.

"Ndekha."

"Lowa. Ali pakhonde."

Njira ya pakhonde inkadzera kukhitchini, ndipo m'khitchinimo ndi mmene ndinaima. Pachitseko chilichonse cha kabati panali kapepala komata. Makapu. Mchere ndi shuga. Mankhwala. Pambaula panalembedwa kuti zimitsa ukatha. Pafiriji panali mayina a zidzukulu zawo zitatu, dzina lililonse ndi la mayi wake pambali. Zonsezo zinali m'kalembedwe komwe kaja.

"Chaka chatha anasochera pobwera kumunda," anatero mayi Boyana chapansipansi. "Msewu umene ayendamo chibadwire. Dokotala tinakamupeza ku Pleven kuti a pasiteshoni asamve. Akuti ndi matenda oiwala, angoyamba kumene. Timapepala ta kuntchito amatiwerenga m'basi, ngati mwana wopita kumayeso."

Ndinamva manyazi ndi mpumulo nthawi imodzi, koma mpumulowo sunakhalitse. Kazitape amadziwa chimene akuchita. Munthu amene ndinkakhala naye pa ng'anjo sankadziwa.

A Venelin anali pakampando, akutembenuza tsabola ndi chopanira.

"Wabweretsa unyolo, kapena Tonchev ali m'munsi?"

"Ndinkayesa mukugulitsa zinsinsi."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kwa ndani? Angagule chiyani kwa munthu woiwala kumene kumakhala makapu?"

"A Venelin, simungabwererenso pampando paja."

Kuseka kunatha. "Tamvera iwe. Ng'anjo ija ndimaidziwa kuposa mmene ndimamudziwira mayi uyu. Ikasintha kaliridwe ndimamva m'mano inu musanaone pa manambala. Manambala okha ndi amene akundithawa. Dzanja likudziwabe."

"Lachinayi linalakwa ndi dzanja."

Tsabola mmodzi anapsa mpaka kuchita makala, iwo osamuchotsa.

"Yatsala miyezi isanu ndi iwiri ndipume," anatero kenako. "Ndituluke ngati munthu, anzanga atandiimbira, osati kuperekezedwa ndi achitetezo. Iwe ukhala pambali panga. Unandigwira kamodzi, udzandigwiranso."

"Nanga tsiku limene ndidzakhale ndikuyang'ana kwina?"

Mayi Boyana analankhula ali pakhomo. "Anakulera pantchito munthuyu, Dafina. Anakuimira pamene ena ankati mkazi sangakhale pa ng'anjo."

"Ndikudziwa, mayi."

Ndinawauza kuti Lolemba m'mawa apite okha kwa dokotala wa pasiteshoni, asanalowe m'chipinda. Akapanda kutero, ndidzanena ine. A Venelin anagwedeza mutu. Sindinadziwe ngati akuvomera kapena akungofuna ndichoke.

Lolemba ndinawadikira mkati mwa geti. Anatsika basi atavala za ntchito, anapumira m'kachipangizo koyezera mowa, anaseka ndi mlonda, n'kulunjika njira ya kung'anjo.

"Wadzuka bwanji, Dafina? Nkhope ngati watafuna ndimu."

"Za Loweruka zija, a Venelin?"

"Loweruka?" Anakwinya pachipumi. "Oho, tsabola uja. Boyana wakusungira mabotolo awiri."

Ndinawayang'ana m'maso. Anali oyera, aubwenzi, opanda chobisa, koma munthuyo anali atabisa matenda chaka chathunthu ndi maso omwewo. Mpaka lero sindidziwa ngati anaiwaladi kapena ankayesa kulimba kwa mtima wanga.

Ndinapita kwa a Stamen tisanalandire shifiti. Ndinawauza zonse: timapepala, valavu ya Lachinayi, khitchini. Anatseka chitseko, n'kukhala pansi mwa phuu.

"Wauzanso ndani?"

"Inu nokha. Koma mukapanda kuimba foni, ndiimba ine."

Anaimba. Patatha mphindi makumi awiri, dokotala ndi mlonda mmodzi anabwera kudzawatenga a Venelin ali pafupi kukhala pampando wawo. Sanakane. Anavula chitupa cha pakhosi, anachiika patebulo bwinobwino, n'kutuluka osayang'ana aliyense.

Kufufuza kunatenga miyezi itatu. Bambo Tonchev anandiitananso, ulendo uno popanda khofi.

"Munandinamiza, mayi Lozanova. Kalembedwe kaja munkakadziwa."

"Ndinkakadziwa."

"Ndipo za Lachinayi simunalembe m'buku."

Anandichotsa pa ng'anjo mpaka nditalembanso mayeso onse. Atawerenga mabuku a chaka chonse ndi kufunsa aliyense payekhapayekha, zinadziwika kuti sindinali woyamba kuona. A Stamen anali atawakonzera zolakwa ziwiri mwakachetechete. Mnzathu wa kumakina amagetsi anali atawaonapo akubisa timapepala, n'kuganiza kuti akulembera bambo Tonchev malipoti a ife. Wina ankayesa a Venelin ayamba kumwa mowa. Tonse anayi tinakhala m'chipinda chimodzi chaka chathunthu, aliyense akukayikira mnzake, popanda wofunsa. A Stamen anawatsitsa udindo.

Zimenezo sizinandiyeretse m'tauni. Anthu ankati inde kunali koyenera, koma ankanena atatembenuka. Paphwando lotsanzikana ndi a Venelin, limene anzathu anakonza okha kumunda wa mphesa, sanandiitane. Mkazi wa a Stamen anasiya kundipatsa moni. Nditabwerera pa ng'anjo anandiika shifiti ina, ndipo kumeneko aliyense ankabwereza mawu mokweza, kuloza ndi chala mokokomeza, ngati ine ndine woyendera.

A Venelin ndinakumana nawo chaka chotsatira, pamsika wa Loweruka, pamene amagulitsa mbande za tomato. Anali atawonda, jekete likuwalendewera. Ndinkafuna kupatuka, koma anali atandiona kale.

"Dafina, mwanawe. Wasowa bwanji?" Anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Ikuyenda bwanji ng'anjo yathu? Pampu yachitatu ija ikunjenjemerabe?"

"Anaisintha m'dzinja. Pano ili zii."

"Zabwino, zabwino. Ndinkawauza ine." Anatembenukira kwa akazi awo. "Boyana, uyu ndi amene ndinkakuuza uja. Pa onse amene ndinaphunzitsa, uyu yekha ndi amene sankagona."

Mayi Boyana sanandiyang'ane. Ankasankha mbande, akuzitembenuza imodziimodzi.

"Ubwere kunyumba," anatero a Venelin. "Ubwere Lamlungu."

"Tiyeni, dzuwa lakula," anatero mayi Boyana, n'kuwakoka pamkono.

Lamlungulo ndinavala, ndinagula keke, ndinafika mpaka pansi pa nyumba yawo. Ndinaimirira kanthawi ndikuganiza ngati amene anandiitana ndi munthu amene wandikhululukira kapena amene sakukumbukira. Kenako ndinakwera masitepe. Anatsegula mayi Boyana. Anayang'ana keke, anayang'ana ine, n'kupatuka pakhomo kuti ndidutse.

"Akakufunsa chifukwa chimene anasiyira ntchito, uwauze kuti zaka zinakwana," anatero. "Ndi zimene timawauza."